Pamiyendo pa Malume Otto

Mayi Rosalba Bartolo anali ndi mphuno yosaphonya kanthu. M'mawa wa Lolemba anampeza mpongozi wawo Lorna akukankhira mashiti a pabedi m'makina ochapira, ali cheucheu ngati wakuba.

"Amenewa si unachapa dzana lomweli?"

"Nella watayirapo mkaka, amayi."

"Kwanu mkaka umanunkha chonchi?" Anasolola shiti imodzi ndi zala ziwiri n'kuiponya pansi. "Mwana woti Loweruka lino akukwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, kumakodza pogona! Ana anga analeka matewera asanayambe n'kuyankhula komwe. Wamulera ngati dzira, ndiye zotsatira zake ndi izi."

"Ndi mantha, amayi. Mwanayu akuopa zidole zija."

"Tseka pakamwa! M'nyumba ya mwamuna wanga Aldo muno usadzanenenso zimenezo."

Anamenyetsa chitseko moti mabotolo a sopo anagwedezeka pashelefu. Lorna anatola shitiyo misozi ili lengelenge.

Nella sanali wobala iye. Mayi wa mwanayo anamwalira akadali wa m'manja, ndipo Lorna anakwatiwa ndi Carmine Bartolo kamtsikanako kakuphunzira kuyenda. Iye ndiye anakaphunzitsa kugwira supuni, ndiye ankathamanga nako kuchipatala mphumu ikayamba, ndiye ankadziwa kuti pitsa ya bowa sikadya. Koma ku boma dzina lake silinali paliponse. Carmine ankati adzakonza zoti mwanayo akhale wa Lorna mwalamulo, koma mayi ake akangotsokomola nkhaniyo inkathera pomwepo. Nyumba imene ankakhala, pamwamba pa lesitilanti, inalinso ya apongozi. Lorna ankadziwa bwino kuti tsiku limene adzauzidwe kuti anyamuke, adzanyamuka ndi sutikesi yokha, mwana adzatsala.

Tonse a m'tauni ya Harlan Falls tinakulira ku Pitsa ya kwa Bartolo. Malemu Aldo anagula zidole zitatu zazikulu kuposa munthu, zoyenda ndi mpweya wa kompuresa, n'kuziika pansanja kuseri kwa katani yofiira. Panali nkhumba ya ng'oma, galu wa gitala, ndipo pakati, pampando, panali chimbalangondo chotchedwa Malume Otto. Mawu a Otto anali a Aldo mwini wake, ojambulidwa pa tepi, nyimbo pamodzi ndi nthabwala zake zosaseketsa zija. Loweruka pankasowa poimika galimoto. Mwana amene sanachitire phwando la tsiku lobadwa kwa Bartolo tinkamumvera chisoni.

Kenaka kunabwera gemu ija ya pa kompyuta, ya zidole za mu lesitilanti ya pitsa zimene zimadzuka n'kumasaka anthu. Kaya anaipanga ndani, ine sindimudziwa, koma nditakumana naye ndingamufunse ngati anaganizirapo za anthu amene amadyera pa uvuni. Tiana timene sitinaisewere n'komwe tinkaionera pa mafoni a akuluakulu awo m'basi ya sukulu. Katani ikangotseguka, m'malo mwa kuwomba m'manja kunkamveka mfuu. Makolo anayamba kuimba foni mmodzimmodzi, pepani, phwando lija tikachitira kwina. Otsala anali anyamata a ku sekondale, ogula botolo limodzi la soda kumwa gulu lonse, kumajambula Otto uku akukuwa mwadala. Kunena zoona, nazonso zidolezo sizinkadzithandiza. Ubweya unali utathothoka, ndipo diso limodzi la galu linkaphethira mnzake atamaliza kale. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Banja la Bartolo linali ndi mwambo wake. Mwana aliyense wa m'banjamo akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi ankakwera pansanja n'kukhala pamiyendo pa Otto, ndipo pakati pa nyimbo mkono waubweya unkatsika n'kumukumbatira. Chithunzi chake chinkapachikidwa pakhoma pafupi ndi kauntala. Cha Carmine chinalipo, cha achemwali ake, ngakhalenso za adzukulu a ku Toledo. Tsopano Mayi Rosalba anaona mwambowo ngati chingwe chomaliza chogwira. Anaitana kalasi yonse ya Nella pamodzi ndi makolo, pitsa yaulere.

"Tauni yonse ione kuti mwana wa Bartolo saopa," anatero. "Akaona wathu akuseka, awo abwerera."

Masana a Lolemba lomwelo Lorna anamulondola mwamuna wake kukhitchini. Anamupeza akukanda ufa umene panalibe woti audye.

"Carmine, mwana wanu sakudutsanso m'holo. Amazungulira kuseri, kodutsa pa mabini a zinyalala, m'chipale chofewa chija cha sinowo, kuti akakwere basi. Mwaziona zimenezo?"

"Zimuthera. Ana amatero."

"Akukodza pogona."

"Ndiye ukufuna nditani? Tayang'ana uko." Analoza pa kawindo kotulutsira chakudya. Inali nthawi ya nkhomaliro koma matebulo onse anali pululu. "Lero ndaphika pitsa ziwiri, imodzi ndadya ndekha. Amayi akuti..."

"Amayi akuti, amayi akuti! Nanga inuyo mukuti chiyani?"

Carmine anamenya ufawo ndi chibakera. "Ndi nyimbo imodzi yokha, Lorna. Ukalimbana nawo pa zimenezi akuthamangitsa, ndipo ine sindikudziwa kuti ndidzaima pati."

"Simukudziwa?"

"Sindinatanthauze choncho."

"Mwatanthauza."

Carmine sanali munthu woipa. Anali chabe bambo wa imvi m'ndevu amene ankayang'anabe nkhope ya mayi ake asanasankhe malaya ovala. Lorna anatuluka ali ndi mantha akulu kuposa amene analowa nawo.

Lachitatu ataweruka kusukulu, Nella anakhala pakati pa miyendo ya Lorna akupesedwa tsitsi. Kenaka anafunsa ndi mawu apansi.

"Mami, Malume Otto akandigwira adzandisiya?"

"Ndi chidole chabe, mwanangu. Mkati muli zitsulo ndi mapaipi basi."

"Colby wa m'kalasi mwathu akuti mkono wake ukatsika subwereranso. Anaona pa foni ya mkulu wake."

"Colby ndi wabodza, ndi mkulu wake yemwe. Mawu umamva aja ndi a agogo ako aamuna. Ankakonda ana kwambiri."

Nella anatembenuka maso ali tuzu. "Agogo aja si anafa? Ndiye akuyankhula bwanji?"

Lorna anaona kuti pofuna kuzimitsa moto wathirapo mafuta.

"Tamvera," anatero atamugwira masaya. "Ukachita mantha undiyang'ane. Ndikhala pafupi."

"Mudzanditenga?"

"Ndidzakutenga."

Analonjeza asakudziwa kuti adzachita bwanji.

Lachisanu anayesa komaliza. Anawapeza apongozi ake pansanja akupesa ubweya wa Otto ndi bulashi ya tsitsi, uku akumunong'oneza zinazake m'Chitaliyana.

"Amayi, ndabwera kudzapempha. Chithunzi tijambule, sindikukana. Koma tijambule mpweya uli wotseka, mkono usatsike. Kapena ndikhale naye ineyo pamenepo, ndimunyamule."

"Pamiyendo pa Otto pamakhala a Bartolo."

"Ndiye akhale ndi bambo ake."

"Kuti anthu akanene kuti ngakhale mdzukulu wawo anachita kumugwirira?" Anaika bulashi pansi. "Ukuganiza kuti ndilibe mtima? Nsanja iyi tinakhoma awiri, ine nditatenga pakati pa Carmine, ndikumupatsira misomali. Anthu ena amuna awo akafa amatsala ndi manda. Ine wanga amandiimbira. Malo ano akatsekedwa, Aldo azikayankhulira kuti? Kumalo otaya zitsulo?"

"Ndikumva, amayi. Koma wamoyo ndi mwanayu."

Nkhope ya Mayi Rosalba inauma pomwepo. "Iwe unabalapo kuti undiphunzitse za ana? Tamvetsetsa. Mawa ukangosokoneza, usiku wake sugona m'nyumba mwanga. Ndipo Nella sudzamuonanso, ngakhale pa windo la basi."

Lorna anakalowa m'chipinda chosungiramo tchizi, anadzitsekera, nalira atadziphimba kukamwa ndi epuloni kuti mwana asamve.

Loweruka anthu anabwera. Chaulere sichisowa mwini. Holo inadzaza kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho, mabaluni paliponse, tizipewa ta mapepala pamitu. Koma ana anakhala matebulo akumbuyo, atakanirira mikono ya amayi awo, ndipo panja pa windo lalikulu anyamata a ku sekondale aja anali ataima kale ndi mafoni awo. Carmine ankatulutsa pitsa thukuta lili kamukamu, osayang'ana mkazi wake. Mayi Rosalba anavala diresi yakuda ya kutchalitchi ndi mkanda wa ngale.

Keke itadulidwa, anamugwira Nella padzanja. Mwanayo anali mu diresi yachikasu imene Lorna anaisita m'mawa. Sanalire, sanakane. Anayenda ngati mwana wopita kukabayitsa jekeseni, maso ali kwa Lorna, amene anali ataima m'mbali mwa nsanja pafupi ndi katani. Agogo ake anamunyamula n'kumukhazika pamiyendo yaubweya ija.

"Seka, Nella. Sekerera Nonna, agogo ako. Aliyense akukuona."

Anatsika n'kukadina batani. Kompuresa inalira kuseri, zidole zinadzidzimuka, mitu inatukuka. Kamwa la Otto linatseguka ndipo mawu a Aldo anadzaza holo yonse: "Moni ana inu! Kodi lero ndi tsiku la ndani?"

Kumbuyo kamwana kena kanayamba kulira. Nkhumba inamenya ng'oma, galu anaphethira diso limodzi, nyimbo inayamba. Nella anauma gwa, manja atawafumbata pamaondo. Kenaka mkono uja unanyamuka, unaima pang'ono m'mwamba monga unkachitira nthawi zonse, n'kuyamba kutsika mogwedezeka. Utangomukhudza paphewa, mwanayo anatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Chifuwa chake chinkakwera ndi kutsika ngati cha mbalame yogwidwa. Anamuyang'ana Lorna.

Lorna sanaganize za nyumba, za sutikesi kapena za mawa. Analowa kuseri kwa katani, anagwira paipi yaikulu ya mpweya ndi manja awiri n'kuizula.

Mpweya unatuluka ndi phokoso ngati tayala laphulika. Zidole zonse zitatu zinafooka nthawi imodzi. Timitengo ta ng'oma tinagwa, galu anapendekeka, ndipo Otto anagwetsa mutu pachifuwa, kamwa lili yasa, mkono uli lende. Koma tepi sidziwa za mpweya. Mawu a Aldo anapitirizabe kuimba mosangalala kuchokera m'chimbalangondo chakufa chija.

Pamenepo holo inasanduka chipwirikiti. Ana anakuwa onse pamodzi, mipando inagwa, makolo anakokera ana awo kukhomo keke ili m'manja. Panja anyamata aja ankalumphalumpha ndi chisangalalo, mafoni ali m'mwamba. Lorna anathamangira pansanja, anamusolola Nella n'kumukumbatira. Mwanayo anamukolekera miyendo m'chiuno, nkhope ataibisa m'khosi mwake, ndipo apo m'pamene analira.

Mayi Rosalba anali ataima pakati pa holo, akuyang'ana Otto. Tepi itafika kumapeto, anatembenuka pang'onopang'ono.

"Anafa chonchi," anatero ndi mawu osamveka ngati awo. "Pampando wa kukhitchini, mutu uli pachifuwa. Ndinamupeza ndine. Lero wandiphera mwamuna wanga kachiwiri, pamaso pa tauni yonse."

"Amayi, mwana amabanika."

"Usanditche amayi! Mfiti iwe! Unabwera muno ndi thumba la pulasitiki, ndinakudyetsa, ndinakupatsa denga, lero wanditsekera malo anga!" Anatembenukira kwa mwana wawo, amene anali pakhomo la khitchini chopalira pitsa chili m'manja. "Carmine! Mulande mwanayo. Mkaziyu atuluke pompano. Ndipo ukamudzutse bambo ako, ndisamuone ali chonchi!"

"Carmine, chonde," Lorna anatero. "Ndithamangitseni mawa. Ndipita, sindilimbana nanu. Koma lero lokha musamuchotse m'manja mwanga. Taonani mmene akupumira."

Carmine anayenda kudutsa pa mabaluni ndi mbale zakugwa mpaka anafika pamene panali mkazi wake. Anatambasula manja n'kumugwira Nella m'chiuno kuti amunyamule. Mwanayo anakanirira kwambiri. Bamboyo anaima. Anabweza dzanja n'kuliyang'ana. Linali lonyowa, ndipo diresi yachikasu ija inali itada kumbuyo konse. Pakhomo panali patatsala makolo angapo ndi ana a m'kalasi mwake, akusuzumira.

Anamasula epuloni yake n'kumukulunga nayo mwanayo kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi.

"Tuluka naye," anatero osamuyang'ana Lorna m'maso. "Dzera kukhitchini. Kadikire pa galimoto."

"Nanga inu?"

"Ndati tuluka."

Lorna anatuluka. Panja sinowo inali ikugwa, ndipo iye analibe jekete, makiyi a galimoto analibenso. Anaima pambali pa galimoto yawo yakale atamufungatira Nella, akumusisita pamsana mpaka mpweya unayamba kubwerera bwino. Magalimoto a alendo ankachoka imodziimodzi, ena akumuyang'ana, ena akuyang'ana kumbali.

Kenaka anamva kompuresa ikulira. Patapita kanthawi ng'oma inayamba, ndipo mawu a Aldo anamveka kudzera pakhoma, akufunsa kuti lero ndi tsiku la ndani. Kwa Lorna tanthauzo lake linali limodzi. Carmine anali atawamvera mayi ake. Wamudzutsa Otto, chotsala n'kubwera kudzatenga mwana. Anayang'ana msewu n'kuganiza zothawa wapansi, koma angafike kuti ndi mwana amene boma likuti si wake? Apolisi akanamupeza asanadutse pa sitolo ya mankhwala. Anamupsompsona Nella pamutu, nayamba kumuuza mwachangu zimene ankaopa kuti sadzapezanso mpata wonena.

"Mankhwala ako a mphumu ali m'kabati ya kubafa, pamwamba. Uziwakumbutsa adadi. Ukanyowetsa mashiti si mlandu, wamva? Si mlandu ngakhale pang'ono."

"Mukupita kuti, Mami?"

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. M'katimo munkamveka mawu a Mayi Rosalba akufuula pamwamba pa nyimbo: "Ukadutsa pakhomo limenelo si iwenso mwana wanga! Carmine! Ukundisiya ndekha?" Chitseko chinatsekeka, mawuwo anaduka.

Carmine anabwera akuponda sinowo ndi nsapato za kukhitchini. Anali atanyamula majekete atatu, ndipo m'dzanja lina munali kabotolo kopopera mankhwala a mphumu. Maso ake anali ofiira.

"Ndawalumikizira paipi," anatero. "Akhale ndi mwamuna wawo. Ndawauza kuti uvuni ndizibwera kudzayatsa ngati akufuna, koma kugona sitigonanso pamwamba paja."

Kenaka anamuyang'ana Lorna n'kumufunsa:

"Mchemwali wako wa ku Dayton uja, chipinda chapansi chija chikadalipo? Ukuganiza kuti angatilandire atatu?"

"Atatu?"

"Atatu. Ndachedwa, Lorna, ndikudziwa. Zonenazo undinene tili m'njira, kukuzizira."

Carmine anamuveka Lorna jekete paphewa, anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto, natambasula manja kuti atenge mwana. Lorna anabwerera m'mbuyo. Manja ake anakana kumasuka. Anamufinya Nella mpaka mwanayo anadandaula.

Carmine anatsitsa manja. Misozi inatsikira m'ndevu zake.

"Sindikukulanda, mkazi wanga," anatero. "Ndikungofuna ndimumange lamba."

Pamenepo m'pamene Lorna anamasula manja. Anatsamira galimoto nalira mokweza, osabisanso nkhope, mwamuna wake akumanga mwana wawo lamba pampando wakumbuyo.